Zithunzi Zamalisece M'masewela: Wolakwa Ndani, Nanga Wolangidwa Ndani?

Pa 19 November 2021, Tim Paine, kaputeni wa timu ya cricket ya dziko la Australia, anakhala pamaso pa atolankhani mumzinda wa Hobart ndi kulengeza, misozi ili m'maso, kuti watula pansi udindo wake. Cimene cinamugwetsa ndi mauthenga ndi cithunzi camalisece cimene anatumiza mu 2017 kwa mayi wina amene anali kusewenza ku bungwe la Cricket Tasmania. Patangopita masiku asanu, pa 24 November, khoti la ku Versailles m'dziko la France linapeza Karim Benzema, katswili wa mpila wa ku Real Madrid, ndi mlandu wothandizila anthu amene anali kuopseza mnzake wa m'timu ya dziko, Mathieu Valbuena, kuti awapatse ndalama, apo ayi afalitsa vidiyo yake ya m'cipinda.

Nkhani ziwilizi zinacitikila kutali ndi kwathu, ndipo cricket ambili a ife sitiidziwa n'komwe. Koma foni imene inagwetsa anthu amenewa ndi yomweyo ili m'thumba la mwana wa kwaya, la mnyamata wa timu ya mpingo, ngakhale la dikoni. Zithunzi zotele zikatuluka, zimafika m'magulu athu a pa WhatsApp tsiku lomwelo, ndipo aliyense amasanduka woweluza. Conco, abale ndi alongo, ndi bwino tikambilane mofatsa mafunso atatu: cilolezo n'ciani, mlandu uyenela kugwela ndani, ndipo olemba nchito ayenela kucita ciani.

Tikamva kuti zithunzi za uje zatuluka, timaunjika zonse pamodzi. Koma pali zocita zitatu zosiyana. Coyamba ndi kujambula thupi lako. Caciwili ndi kutumiza cithunzico kwa munthu wina, kaya wapempha kaya sanapemphe. Cacitatu ndi kutenga cithunzi ca mnzako n'kucifalitsa mwini wake osalola. Ciliconse mwa zitatuzi cili ndi wocicita wake komanso wovulala wake, ndipo tikapanda kuzisiyanitsa timalanga munthu wolakwika.

Nkhani ya Paine

Paine anatumiza mauthengawo kumapeto kwa 2017, ali pabanja. Mu March 2018 anamusankha kukhala kaputeni pamene Steve Smith anacotsedwa cifukwa ca cinyengo cowononga mpila pa masewela a ku Cape Town. Australia inali kufuna munthu wobwezeletsa ulemu wa timu. M'caka comweco nkhani ya mauthenga ija inafika ku Cricket Australia ndi ku Cricket Tasmania. Mabungwewa anafufuza mwakacetecete n'kugamula kuti Paine sanaphwanye malamulo a khalidwe la osewela, ndipo iye anapitiliza kutsogolela timu zaka zina zitatu. Cricket Tasmania inafotokoza kuti zinali za anthu awili akuluakulu amene anagwilizana. Mayiyo anakamba zosiyana: cithunzico sanacipemphe, ndipo cinamukhumudwitsa.

Nkhaniyo itatsala pang'ono kutuluka m'nyuzipepala, kutatsala milungu yosakwana itatu kuti masewela aakulu a Ashes olimbana ndi England ayambe, Paine anatula pansi udindo. Wapampando wa Cricket Australia panthawiyo, Richard Freudenstein, anakamba kuti akuluakulu atsopano a bungwelo sakanagamula mmene anzawo anagamulila mu 2018. Paine sanasewelenso m'timu ya dziko.

Tiyeni tione bwino apa. Kucokela mu 2018 mpaka mu 2021, zimene Paine anacita sizinasinthe. Mauthenga anali omwewo, cithunzi cinali comweco. Cinasintha n'cakuti anthu anadziwa. Ngati colakwaco cinali cokwanila kumucotsa pa udindo, cinali cokwanila mu 2018 pomwe. Bungwe likamakhululuka nkhani ikabisika ndi kulanga ikaululika, limaphunzitsa osewela kuti colakwa ndi kugwidwa. Limaphunzitsanso wanchito wamng'ono kuti dandaulo lake limamveka pokhapo atolankhani akalowelelapo.

Nkhani ya Valbuena ndi ya atsikana a ku Wisconsin

Vidiyo ya Valbuena inacoka m'foni yake pamene anapempha munthu wina kuti amusamutsile zinthu kupita nazo m'foni ina. Mu 2015 anthu anayamba kumuimbila foni kufuna ndalama, ndipo iye anakawaneneza kupolisi. Benzema anakamba naye za nkhaniyo pa kampu ya timu ya dziko ku Clairefontaine mu October caka comweco. Benzema anati anali kungothandiza mnzake, koma khoti linaona kuti anali kumukakamiza kuti agwilizane ndi oopsezawo. Linamulipilitsa faindi ya mayuro 75,000 ndi kumupatsa cilango ca caka cimodzi cimene akanakacitila m'ndende akanalakwanso.

Pa nchito zinayenda motele. Benzema anakhala kunja kwa timu ya France zaka zoposa zisanu, ndipo sanasewele nawo pamene dzikolo linatenga cikho ca World Cup mu 2018. Koma mu May 2021 kochi Didier Deschamps anamuitananso, mlandu usanathe n'komwe, ndipo mu 2022 analandila mphoto ya Ballon d'Or. Valbuena, amene anasewelela France ka 52, anavala malaya a dziko lake komaliza mu October 2015. Amene anabeledwa vidiyo ndi kuopsezedwa ndiye sanabwelelenso.

Ku America zinayenda mwina. Mu October 2022 zithunzi zacinsinsi za atsikana a timu ya volleyball ya University of Wisconsin, amene anali atatenga cikho ca dziko lonse mu December 2021, zinafalitsidwa pa intaneti. Atsikanawo anakadandaula okha kupolisi ya pa yunivesitiyo. Akuluakulu a zamasewela analengeza poyela kuti kufalitsa zithunzizo kunali kulakwila atsikanawo, kuti apolisi sanali kufufuza iwo, ndiponso kuti nchito yoyamba inali kuwathandiza. Timu inapitiliza kusewela. Olemba nchito amenewa anazindikila msanga wolakwa ndi wolakwilidwa.

Cilolezo cili ndi malile

Wakubweleka njinga kuti upite nayo kucigayo sanakulole kukaigulitsa pamsika. N'cimodzimodzi ndi cithunzi. Mtsikana amene watumizila cibwenzi cake cithunzi sanalole kuti timu yonse ione. Mwamuna amene wapeleka foni kwa wokonza sanalole kuti wokonzayo atsegule zonse zili mkati. Cibwenzi cikatha kapena ukwati ukasokonekela, cithunzi sicisanduka cida cobwezela.

Kukhala cete sikutanthauzanso kuvomela. Wanchito wa mu ofesi akalandila cithunzi kucokela kwa munthu wochuka amene dziko lonse limamuombela m'manja, angayankhe moseka kapena osayankha n'komwe, cifukwa adziwa kuti akadandaula amene adzaoneka wovuta ndi iye. Apa m'pamene nkhani ya mphamvu imalowela. Kochi ndiye amasankha wopita ku kampu ndi wotsala, wokwela ndege ndi wokhala pa benchi. Iye akapempha cithunzi kwa mtsikana wa m'timu, mtsikanayo amadziwa kuti kukana kungamudyele nchito. "Inde" wa munthu amene sangathe kukana ndi "inde" wapakamwa cabe.

Malemba amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Mu 2 Samueli 11, Davide anaona Bateseba akusamba, ndipo anatuma anthu kukamutenga. Mfumu ikatuma amithenga, mkazi wa msilikali angayankhe ciani? Mneneli Natani anapita kwa Davide, ndipo m'fanizo lake wolakwa anali munthu wolemela amene analanda kamwana ka nkhosa ka wosauka. Yosefe nayenso anazunzika pa nchito m'nyumba ya Potifara. Anakana mkazi wa bwana wake, ndipo amene anaponyedwa m'ndende ndi iye. Nkhani yake itikumbutsa kuti amuna nawonso amagwa m'manja mwa amphamvu, ngakhale kuti manyazi amawatseka pakamwa.

Kwa mwana wosakwanitsa zaka 18 nkhani ya cilolezo palibiletu. Wamkulu wopempha, wosunga kapena wotumiza cithunzi ca mwana wapalamula mlandu waukulu, ngakhale mwanayo atatumiza yekha.

"Akanapanda kujambula, sizikanatuluka"

Ambili m'mipingo yathu amayankha motele, ndipo mawuwa ali ndi coonadi cake. Mpingo umaphunzitsa kuti thupi la wokhulupilila ndi kacisi wa Mzimu Woyela, monga Paulo analembela Akorinto, ndi kuti za m'cipinda n'za mwamuna ndi mkazi wake. Sitidzaleka kulangiza ana athu kuti asajambule zithunzi zotele. Cithunzi cikangocoka m'foni yako sungacibwezenso, ndipo wokulonjeza lelo kuti adzacisunga angakhale mdani wako caka camawa. Paine nayenso anavomela yekha kuti analakwila mkazi wake ndi banja lake, kaya malamulo a cricket anati ciani.

Koma colakwa ca wojambula sicifafaniza mlandu wa wofalitsa. Mu Genesis 9, Nowa analedzela n'kugona malisece m'hema wake. Kuledzelako kunali kwake. Hamu anaona, ndipo anatuluka kukauza abale ake panja. Semu ndi Yafeti anatenga covala, anayenda cam'mbuyo nkhope zawo zitayang'ana kwina, n'kufunditsa atate wawo. Nowa atadzuka, dalitso linapita kwa ofunditsa, ndipo mkwiyo unagwela nyumba ya woulutsa. Masiku ano Hamu safunika kutuluka m'hema. Amangodina pa foni, ndipo anthu mazana aona. Aliyense wa ife amene analembapo m'gulu kuti "tumizaniko tione" anaima kumbali ya Hamu.

Kumbukilaninso mkazi wa mu Yohane 8. Alembi ndi Afarisi anati anamugwila ali m'kati mocita cigololo, koma anabwela naye yekha, pamene cilamulo ca Mose mu Levitiko 20 cimachula onse awili. Mwamuna uja anali kuti? Yesu sanavomeleze chimo la mkaziyo, pakuti anamuuza kuti alisiye. Koma anayamba wabalalitsa ogwila miyala, ndipo anakamba naye za moyo wake atatsala awili. Ife kawilikawili timayamba ndi miyala, ndipo timaponya kwa amene nkhope yake ikuoneka pa cithunzi. Nthawi zambili ameneyo amakhala mkazi. Wogwila kamela ndi wofalitsa saoneka, conco amapulumuka.

Zimene olemba nchito ayenela kufunsa

Mpila tsopano ndi nchito, ngakhale kwa ana athu aakazi. Copper Queens inasewela World Cup koyamba mu 2023, ndipo mu February 2024 Racheal Kundananji anapita ku timu ya Bay FC ku America pa mtengo umene panthawiyo unaposa wa mkazi wina aliyense wosewela mpila padziko lonse. Atsikana ambili a m'makomboni aona kuti mpila ungalipile lendi ndi masukulu fizi a azing'ono awo. Koma nchito imeneyi ndi ya zaka zocepa. Wosewela akacotsedwa m'timu caka cimodzi kapena ziwili, malo ake amatenga wina. N'cifukwa cake cigamulo ca kalabu pa nkhani zotele cimakhudza cakudya ca banja lonse. Tisaiwalenso kuti pa World Cup yomweyo bungwe la FIFA linatsimikiza kuti linalandila dandaulo lokhudza khalidwe la kochi wa timu yathu. Kochiyo anakana, koma nkhaniyo inaonetsa kuti osewela afunika khomo logogodapo limene silili m'manja mwa amene amawasankha.

Kalabu, sukulu kapena ofesi ya mpingo ikakumana ndi nkhani yotele, iyenela kuyamba ndi mafunso awa. Anatumiza ndani, ndipo anatumizila ndani? Kodi mmodzi ali ndi mphamvu pa nchito ya mnzake? Kodi wolandila anapempha? Nanga anafalitsa ndani? Wotumiza cithunzi cosapemphedwa kwa wanchito mnzake wamuvutitsa pa nchito, ndipo ayenela kuyankha mlandu. Wofalitsa cithunzi ca mnzake ayenela kulandila cilango cokulilapo. Amene cithunzi cake cabedwa afunika citetezo, ndipo kumucotsa nchito poti wacititsa manyazi kampani ndi kumaliza nchito imene womuzunza anaiyamba.

Malamulowo alembedwe nkhani isanabuke, ndipo agwile nchito mofanana kwa wogoletsa zigoli ndi kwa wokhala pa benchi. Wofufuza asakhale munthu amene amapindula timu ikapambana, cifukwa n'kovuta kuweluza bwino katswili amene ukumufuna pa masewela a Ciwelu. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limafuna kale kuti olemba nchito m'Zambia akhale ndi malamulo olembedwa oletsa kuvutitsa ena pa nchito komanso njila yopelekela madandaulo. Mipingo nayonso ndi olemba nchito. Tili ndi masukulu, zipatala, maofesi ndi matimu a acinyamata, conco lamuloli likutikhudza.

Kukhululukidwa ndi kukhalabe pa udindo n'zosiyana. Munthu angalape, banja lake lingamukhululukile, koma n'kukhalabe koyenela kuti ayambe watsika pa utsogoleli, pakuti 1 Timoteyo 3 imafuna mtsogoleli wa mbili yabwino. Komabe Agalatiya 6 imatiuza kubweza wogwa ndi mtima wofatsa. Paine anasiya kusewela mu 2023, ndipo pambuyo pake anabwelela ku cricket monga kochi. Njila yobwelela iyenela kukhalapo. Codandaulitsa n'cakuti kawilikawili imatsegukila wolakwa amene ali ndi luso, pamene wolakwilidwa amaiwalika.

Lamulo la kwathu

Gawo 177 la Penal Code limaletsa kupanga, kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula. Izi zitanthauza kuti amene wasunga vidiyo ya mnzake m'foni kuti aziionetsa anzake ali kale pa mlandu. Tilinso ndi malamulo a milandu ya pa intaneti, amene anasinthidwa mu 2025. Koma gawo 177 lingagwilenso munthu amene ali pa cithunzipo. Vidiyo ya mtsikana wina wa pa koleji mu Lusaka inafalikila pa intaneti, ndipo iye anaimilila m'khoti, mu 2012 anapezeka ndi mlandu wopanga vidiyo yolaula n'kulipila faindi. Anthu ambili amene anaionelela ndi kutumizilana anangopitiliza moyo wawo.

Zotsatila zake n'zoonekelatu. Munthu amene akuopsezedwa ndi cithunzi cake amaopa kupita kupolisi, poganiza kuti akadzigwilitsa yekha. Amasankha kulipila womuopsezayo kapena kumvela zofuna zake. Mipingo, imene imakhala ndi mawu pa nkhani za malamulo m'dziko muno, ingapemphe aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti lamulo lisiyanitse momveka bwino wofalitsa ndi wozunzidwa, kuti wobeledwa cithunzi azikadandaula wopanda mantha.

Nanga ife mumpingo?

Timadziwa mmene zimayendela nthawi zambili. Cithunzi ca mtsikana wa kwaya cikatuluka, bwalo la mpingo limakhala msanga, mtsikanayo amaimitsidwa pa Mgonelo wa Ambuye, ndipo amayi amanong'onezana akamalowa m'chalichi. Mnyamata amene anafalitsa amapitiliza kuimba ng'oma kutsogolo. Akulu a mpingo amene anaona cithunzico safunsidwa kuti anaciona bwanji. Ngati mpingo ulanga, ulange onse amene akhudzidwa, aliyense molingana ndi zimene anacita, ndipo uyambe ndi wofalitsa.

Pali zimene aliyense angacite lelo lomwe. Cithunzi cotele cikafika pa foni yanu, cifafanizeni ndipo musatumizile munthu, ngakhale abusa, poti mukufuna kuwadziwitsa. Mungawauze ndi pakamwa. Oyang'anila magulu a pa WhatsApp a cigwilizano, a kwaya ndi a acinyamata acotse cithunzico ndi kudzudzula wocitumiza pomwepo. Amene akuopsezedwa asalipile, cifukwa woopseza akalandila kamodzi amabwelanso. Asunge mauthenga oopsezawo monga umboni, ndipo apite ndi munthu womudalila ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku ZICTA. Popeleka foni kwa wokonza kapena poigulitsa, yambani mwacotsamo zanu zonse.

Makolo, mwana wanu akabwela akulila kuti cithunzi cake catuluka, muyambe mwamulandila. Uphungu udzabwela pambuyo. Manyazi otele apangitsa acinyamata m'maiko ambili kudzipha, ndipo ambili amafika pamenepo cifukwa coopa kunyumba kwawo. Alangizi ndi atsogoleli a acinyamata aphunzitse anyamata mofanana ndi atsikana. Tazolowela kuuza atsikana kuti adzisunge, koma si kawilikawili pamene timauza anyamata kuti kupempha cithunzi, kutumiza cosapemphedwa ndi kuonetsa anzawo ndi chimo komanso mlandu. Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Amene tikumuseka lelo ndi mwana wa wina, ndipo foni zili m'nyumba zathu tonse.

Tikupempha mabwalo a mipingo ndi makomiti a matimu a acinyamata kuti aike nkhani imeneyi pa msonkhano wawo wotsatila. Agwilizane kuti wodandaula azipita kwa ndani, asankhe mayi mmodzi ndi bambo mmodzi odziwa kusunga cinsinsi, ndipo alembe mmene adzacitila ndi wofalitsa. Kugwilizana zimenezi n'kosavuta pamene nkhani isanabuke ndipo palibe dzina la mwana wa munthu patebulo.